Motoka ya Atate Ako Ikutsimphina

Joni, 6 Okutobala 2024

Kwa mwana wanga Jackson, ku Tembwe,

Ndine amayi ako, Tisiyenji NyaGoma. Dzanja ukulionali ndi la Damaris, mtsikana wa ku Katete amene amasita zovala nyumba yoyandikana ndi kumene ndikugwira ntchito. Ine ndikulankhula, iye akulemba, akatha ajambula pepalali ndi foni n'kukutumizira. Chisenga sachidziwa, ndiye upirire Chinyanja changa chokhotachi.

Moni kwa iwe ndi mkazi wako Vainess, ndi amene ali m'mimbayo. Ine ndili bwino, miyendo yokha imatupa madzulo. Agogo amene ndimawasamalira kuno nawo alipo, amadya akafuna.

Manje tamva. Lachisanu Vainess ananditumizira mawu pafoni ya Damaris. Anaima pafupi ndi motoka, injini ikulira. Zimene ananena ndinazimva, koma khutu langa linathawira kumbuyo kwake. Jackson, motoka ya atate ako ikutsimphina. Ikuti du-du-du, n'kudumpha, du-du-du, n'kudumpha. Iwe sukumva? Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinakhala pampando wakumanzere wa vaneti imeneyo, Tembwe mpaka Chama, Chama mpaka Tembwe, ikafa panjira ine ndiye wogwira boneti ndi kupatsira masipanala. Kuwerenga sindidziwa, koma kulira kwa injini imeneyo ndikukudziwa kuposa chifuwa changa. Malemu atate ako ankati ili ndi miyendo inayi mkati, mwendo uliwonse ndi pulagi yake. Manje ikuyenda ndi itatu.

Chita chonchi. Ilize, isiye ikulira yokha. Pamwamba pali nthambo zinayi zakuda zopita ku mapulagi. Kulunga nsalu youma padzanja, youma ndithu, chifukwa moto wake umamenya mpaka m'mano. Zula nthambo imodzi umvetsere. Injini ikafooka ngati ikufa, pulagi imeneyo ndi yamoyo, bwezera. Upite pa ina. Pamene uzule koma kulira osasintha, wodwala ndi ameneyo. Zimitsa, dikira izizire, umasule pulagiyo ndi sipanala yaitali ija ili m'thumba la ufa pansi pa mpando. Uijambule unditumizire.

Ndasankha pepala kuti uziwerenga utaima pa injinipo. Mawu a pafoni umawamvera pachulu paja pali netiweki, ukafika kunyumba theka waiwala.

Mbewu ya chimanga musaiike pansi, chiswe.

Ndine amayi ako.

Joni, 20 Okutobala 2024

Jackson,

Moni nonse. Ine ndilipo. Kuno kwayamba kutentha. Kunja sindikutulukatuluka masiku ano, mumsewu mwathu mukumadutsa anthu ofunsa mapepala. Zimenezo zisiye.

Yankho lako Damaris wandiwerengera kawiri. Nkhani yoyamba ndi iyi. Anesi a pakiliniki akuti mwana wagona chopingasa, ndipo Vainess akachilire ku chipatala chachikulu ku Chama, pakati pa Disembala. Jackson, Disembala ndi mvula. Ukudziwa mitsinje ya panjira ija ikadzaza munthu amakhala tsidya lino masiku anayi akuyang'ana madzi. Mayi wa mwana wopingasa sadikira masiku anayi. M'mudzi monse motoka ndi imodzi, yomweyi ikutsimphinayi.

Ndiye yachiwiri. Ukuti sunakhudze mapulagi chifukwa ankhazi ako a Irene akaniza sipanala pa injini. Ati motoka ikugogoda m'mawa, ati ndi mlongo wawo Donald, atate ako, akugogoda, wakwiya poti chiliza pamanda ake sichinamangidwe ndipo mkazi wake anathawira ku Joni chaka chisanathe. Kuthawa! Ine ndikusintha matewera a munthu wamkulu kuno kuti simenti ya chilizacho ipezeke, ati kuthawa. Damaris, lemba momwemo, usakonze.

Ankhazi ako uwalemekeze, ndi mlongo wa atate ako. Koma uwafunse kuti Donald anagogodapo liti pamoyo wake. Munthu uja ankalowa m'nyumba za eni ndi nsapato zamatope, odi n'kunena atakhala kale pampando.

Ndaseka apa, koma sindikunamiza mwana wanga, mantha anandigwira. Mawu aja a Vainess ndinawamveranso kasanu, foni nditaikanikiza kukhutu, kufunafuna ngati muli atate ako. Sindinamve kugogoda kulikonse. Ndinamva kutsimphina basi. Wakufa sazimitsa pulagi imodzi n'kusiya zitatu.

Ukunenanso kuti m'mawa imavuta kwambiri, dzuwa likafika pamutu imakhalako bwino. Zimenezo ndazisunga, sindinazimvetse.

Ankhazi ako amapita kumpingo Lachinayi masana. Lachinayi masana sipanala ilibe woiletsa.

Amayi ako.

Joni, 29 Okutobala 2024

Jackson mwana wanga,

Moni. Tadzuka. Vainess akudya? Asanyamule ndowa.

Wachita bwino. Zithunzi zafika, ndipo wachita bwinonso kumasula onse anayi n'kuwandandalika pa chitenje monga anakhalira. Damaris wandikulitsira ndi zala mpaka ndaona.

Atate ako ankawerenga pulagi ngati mmene anesi amaonera lilime. Kumutu kwake kukakhala kofiirira ngati khungu la nshawa yokazinga, ili bwino. Kukakhala mwaye wakuda wouma, ikumwa petulo wambiri. Kukakhala kwakuda konyowa ngati phula, oyilo akukwera. Kukayera mbuu, injini ikupsa. Ako woyamba, wachiwiri ndi wachinayi ndi nshawa, okalamba koma amoyo. Wachitatu ndiye wandizunguza mutu. Kumutu kwake n'kwakuda poti sakuyaka, izo ndikumva. Koma m'khosi mwake, kunja, muli dzimbiri. Wachiwiri nayenso layamba.

Dzimbiri, Jackson? M'Okutobala? Ku Tembwe mvula inatha Epulo. Panopa ngakhale mbuzi zikuyetsemula fumbi. Madzi akuchokera kuti? Mapulagi a motoka imeneyo amakhala m'maenje, madzi akalowamo satuluka, amakhala momwemo n'kumaba moto. Dzuwa likakwera, injini ikatentha, amaumako. N'chifukwa chake masana imapepuka.

Kodi ukuitsuka ku mtsinje? Kodi paipi ya madzi ikudontha pamwamba pake? Yang'ana. Undiuze zoona, ine sindili pafupi kuti ndikumenye.

Maggie, uja amabwera kuno kudzaoda zovala, wanyamuka dzulo pa basi. Ndamupatsa kandalama kuti akupatsire. Ukagule mapulagi anayi ku boma, utenge wakale m'thumba ukafananize, asakupatse aafupi. Kuno imodzi ndi marandi 55, kumeneko usalole akudyere.

Amayi ako.

Joni, 3 Novembala 2024

Jackson,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinakubala.

Vainess wandiuza. Usamukalipire, ndinachita kumuumiriza. Ati ankhazi ako anapita kwa mneneri wina ku Chifunda, anabwera ndi chigubu cha madzi opempherera, ndipo m'mawa uliwonse kwa mwezi ndi theka akhala akutsegula boneti n'kuthira kapu yodzaza pamwamba pa injini kuti mtima wa Donald uzizire. Iwe utaima pomwepo! Utagwira boneti ndi dzanja lako! Ine kuno ndikuswa mutu ndi mapaipi. Unapita kusukulu mpaka giredi 9 kuti uzithirira injini ngati dimba la repu?

Damaris akuseka mpaka wagwetsa cholembera. Ine sindikuseka. Ndikuona Vainess ali kumbuyo kwa vaneti, motoka itafera pakati pa thengo paja pamadutsa njovu.

Kulunga kansalu pa kamtengo, upukute maenje onse anayi mpaka nsalu ituluke youma. Boneti ikhale yotsegula padzuwa tsiku lonse. Nthambo uzipukutenso mkati. Mapulagi atsopano uyambe kumanga ndi zala, alowe okha mofewa. Sipanala ibwere pomaliza, pang'ono chabe, usachite ngati ukumanga mbuzi yolusa. Nthambo iliyonse ibwerere pamene inachoka.

Ankhazi ako usawalande chigubu, angadwale. Nawonso akulira mlongo wawo, ndikudziwa. Uwauze mwaulemu kuti alamu awo ku Joni apempha kuti madziwo azithira pa matayala, poti ndi amene amaponda dothi limene Donald wagonamo. Akafunsa kuti ndazitenga kuti, uti ndinalota.

Ukamaliza uilize, uike foni pafupi, unditumizire kulira kwake.

Amayi ako.

Joni, 12 Novembala 2024

Mwana wanga,

Moni kwa nonse. Ine ndiliko. Kukiliniki ya kuno ndinapita za miyendoyi, ndinabwerera pageti. Panali anthu aja ofunsa mapepala. Ndikumwa madzi otentha.

Kulira kwafika. Kutsimphina kwatha, miyendo inayi yonse ikuponda, ndipo iwe ukumveka kuseka kumbuyo. Ndinasekanso nawe. Kenaka ndinati Damaris bwereza. Anabwereza. Ndinati tseka chitseko, bwerezanso.

Jackson, ankhazi ako sananame. Ikugogoda.

Kutsimphina kuja kunkaphimba. Manje kwachoka, ndikumva bwinobwino pansi pake, go, go, go, ngati munthu akusinja mtondo wopanda kanthu kuseri kwa nyumba. Pamene unaponda mafuta, nako kunathamanga. Ndinangokhala pa bedi.

Koma si atate ako. Ndi chitsulo. Ndikanakonda akanakhala atate ako, chifukwa aja ndikanawanyengerera. Kulira kwa pamwamba kwa tiki-tiki ngati makina osokera sikuopsa, motoka imayenda nako zaka. Uku ndi kwa pansi, m'mimba mwa injini, pamene mikono yake imagwira chitsulo chozungulira. Padyeka. Miyezi yomaliza asanadwale, atate ako anaika khutu n'kunena kuti, "NyaGoma, iyi ikufuna kutsegulidwa pansi, tikakolola." Anathiramo oyilo wolemera, inakhala chete, kenaka tinayamba za zipatala, ine n'kuiwala. Iwe unasintha oyilo mu Ogasiti, si choncho? Unathira wopepuka. Sindikukuimba mlandu, wosakuuza ndine.

Udzimvere wekha. Tenga mpini wa khasu, mbali imodzi uike pa injini chapansi, ina pa khutu. Uchenjere ndi fani ndi lamba, shati uipisire. Pamwamba umva kusokosera chabe. Pansi umva ngati akukugogoda m'chigaza. Uonenso kanyale kofiira ka oyilo ngati kakuphethira injini ikatentha.

Injini yotere sichenjeza kawiri. Ya a Ng'uni a ku Chikwa inagogoda masabata atatu, tsiku lina chitsulo chinaboola m'nthiti n'kutulukira kunja, oyilo yense pansi. Kukonza kwake n'kwa ku Lundazi kapena ku Chipata, ndipo nthawi imeneyo tilibe.

Ndiye mvera. Motoka imeneyi yatsala ndi ulendo umodzi, ndipo ulendowo ndi wa Vainess. Usanyamule mpunga wa munthu, usanyamule feteleza, ngakhale abusa apemphe. Thira oyilo wolemera, botolo lina likhale pampando. Mutenge Vainess sabata ino, akakhale kunyumba ya odikira pa chipatala paja. Bola akatope ndi kukhala. Uyende m'mawa kukuzizira, pang'onopang'ono, usaikwiyitse pa mtunda.

Sabata ino, Jackson.

Amayi ako.

Joni, 24 Novembala 2024

Jackson, ndi inu a Vainess,

Moni. Sindifunsa zambiri, mtima uli m'mwamba.

Maggie wabweranso kuno, ndipo ndi iye wandiuza, osati iwe. Ati anakuona pa msika ku Chama Lachiwiri, vaneti itadzaza matumba a feteleza mpaka kumbuyo kwakhala pansi. Ati inkalira moti amayi ogulitsa tomato anatembenuka. Ulendo umodzi uja wapatsa feteleza. Ndikudziwa uti anthu anakupempha, ndikudziwa uti inapita n'kubwera bwinobwino. Inabwera, inde. Chitsulo chimene chinadyeka tsiku limenelo sichibweranso.

Damaris, apa ulembe bwino, ndikulankhula ndi apongozi anga.

A Vainess, mayi, ndamva kuti mukukana ndinu. Mukuti simungakakhale mwezi pakhonde la chipatala kudya nyemba za eni, munda usanabzalidwe, anzanu akukusekani kuti mwathamangira. Ndikukumvani. Inenso ndinali wotero. Jackson asanabadwe kunali mnzake, mtsikana. Sitimutchula. Nayenso anagona chopingasa, inali Januwale, ndipo tinafika pa mtsinje madzi ali m'khosi. Atate ake a Jackson anazimitsa injini, tinakhala pamenepo. Ine ndinatsala, Mulungu yekha akudziwa chifukwa chake. Mwamuna wanu sakuidziwa nkhaniyi, aimvera pomwe pano.

Munda abzala a Irene, ali ndi mphamvu zonyamula chigubu kuchokera ku Chifunda. Inu tengani zitenje, beseni ndi kapoto, mukwere kutsogolo. Ndikukugwirani mwendo.

Maggie akuti mitambo yayamba kuda cha kumapiri. Jackson, ukakumana ndi njovu panjira usazimitse, mwina singadzukenso. Uime patali, injini izilira. Pa mtsinje uyambe watsika, uyese madzi ndi mwendo. Akapitirira bondo usalowe.

Mundiyankhe lero.

Amayi anu.

Joni, 2 Disembala 2024

Jackson,

Moni, ngati ukuwerenga.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu. Damaris akuti kalata yapita ija inatsegulidwa Lolemba la sabata yatha, kuchokera apo foni yako siikulira n'komwe. Ya Vainess chimodzimodzi. Tayesa ya ankhazi ako, tayesa ya abusa. Mlamu wake wa Maggie ali ku Lundazi akuti kuchigwa kwathuko kwagwa mvula ya masiku atatu osakata, ndipo palibe motoka yatulukako.

Sindikudziwa ngati muli tsidya lino kapena tsidya ilo, kapena pakati.

Dzulo ndinawapatsa agogo tiyi wopanda shuga kawiri, mwana wawo anandiyang'ana. Firiji ya m'nyumba muno ikayamba kulira ndimaimirira.

Ngati wakwiya ndi mawu anga a feteleza, kwiya, koma tumiza ngakhale chilembo chimodzi. Ngati pali nkhani, usaope kundiuza. Usatume a Irene. Undiuze wekha.

Damaris akuti tilekere pomwepa.

Amayi ako.

Joni, 5 Disembala 2024

Jackson mwana wanga, tate wa mwana,

Moni! Moni kwa a Vainess, moni kwa kamtsikanako. Damaris analowa akuthamanga ndi foni, sitovu ndinaisiya ikuyaka.

Mawu ako a pafoni ya anesi ndawamvera katatu, ndipo ndikubwereza kuti Damaris alembe, zikhale papepala. Munanyamuka Lachinayi la sabata yatha m'mawa, Vainess ataona magazi pang'ono. Pa mtsinje madzi anali m'bondo ndendende, unatsika kukayesa, foni n'kugwera momwemo. Ya Vainess munaiiwala pa tchaji kwa aphunzitsi. Munawoloka. Unayenda giya yachiwiri njira yonse, kanyale kofiira kakuphethira, ukuima n'kumathira oyilo. Pa mtunda womaliza, nsanja ya mafoni ya ku Chama ikuoneka, inalira kamodzi kokha kwambiri n'kukhala chete. Lole ya thonje inakutolani. Madzulo omwewo anamuchita opaleshoni. M'mawa mwake mtsinje uja unadzaza mpaka m'mitengo, ndipo mpaka lero palibe wawoloka.

Tsiku limodzi, Jackson. Tsiku limodzi lokha.

Akuti mwana ndi wochepa, wabwera masabata awiri asanakwane. Amuike pachifuwa pa mayi ake, khungu ndi khungu, amufunditse. Vainess asanyamuke msanga, chilonda cha mpeni sichifuna ukali. Umugulire nkhuku ku msika, usawerenge mtengo. Mukhale konko mpaka anesi anene okha, ndipo pobwerera mudikire madzi atsike, palibe chothamangira manje.

Koma iwe, pamapeto pa mawu ako ukulira. Ukuti, "Amama, ndapha motoka ya adada, m'nthiti muli bowo lolowa chibakera." Pukuta m'maso, ndiwe tate wa munthu. Vaneti imeneyo inandisiya ine tsidya la mtsinje ili yatsopano. Mkazi wako yamuwolotsa ili nkhalamba yodwala. Ine ndilibe nayo mlandu, ndipo atate ako akanakhala kuti amagogoda, apa akanaomba m'manja.

Usaisiye yokha pamsewu masiku ambiri. Upemphe anthu muikankhire pa nyumba yapafupi, uwapatse moni wabwino eni ake. Batire uchotse, jeke ndi thumba la masipanala utenge. Mapulagi anayi aja umasule, angoyenda masabata atatu, wina adzawafuna.

Za dzina musandidikire. Ine kubwera sikuli pafupi, pali zina zofunika kukonza kuno ndisanayandikire malire. Mumutche, mundiuze.

Damaris akufunsa ngati pali china. Palibe, mwanawe, tseka cholembera. Masiku onsewa thupi silinkamva kanthu, manje ndi pamene miyendo yayamba kuwawa. Ndatopa. Ndikagoneko pang'ono agogo asanaitane.

Ndine amayi ako,
Tisiyenji NyaGoma